Mfutso tiziyanika pamthunzi, osati padzuwa

M'dera la Mfumu Yaikulu Tengani ku Nsanje, monganso m'madera ena a kuchigwa cha Shire, ndiwo zamasamba zikachuluka amayi amafutsa. Amathyola nkhwani, chitambe, kholowa kapena bonongwe, n'kuwiritsa, kenako n'kuyanika pamphasa, pathumba kapena palata, pabwalo pomwe dzuwa likuswa mtengo. Pofika madzulo masamba aja amakhala atauma, ndipo banja limakhala ndi mtima m'malo kuti ndiwo za m'chilimwe zapezeka.

Kufutsa ndi nzeru yabwino. M'dera lomwe madzi osefukira ndi chilala zimalandizana chaka ndi chaka, ndi nzeru yopulumutsa ana. Koma pali chinthu chimodzi chofunika kusintha, ndicho malo oyanikira. Mfutso woyanika padzuwa umataya gawo lalikulu la michere yomwe thupi la mwana limapangira vitamini A. Maganizo anga ndi akuti alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a m'midzi aike nkhaniyi pa mndandanda wa zomwe amaphunzitsa, pamodzi ndi katemera, ukhondo ndi kugona m'masikito. Ndipo asamangolamula kuti "yanikani pamthunzi." Azifotokoza chifukwa chake. Mayi amene wauzidwa lamulo lokha amalitsatira tsiku lomwe mlangizi wabwera. Amene wamvetsa chifukwa amalitsatira moyo wake wonse, n'kuphunzitsanso mwana wake.

Chifukwacho chili m'kati mwa tsamba lenilenilo, choncho tiyambire komweko.

Zomwe zimachitika m'tsamba dzuwa likawala

Chomera sichidya nsima. Chimadzipangira chakudya kuchokera ku zinthu zitatu: madzi, mpweya wa kaboni dayokisaidi womwe ife timapumira kunja, ndi kuwala kwa dzuwa. Ntchito imeneyi asayansi amaitcha photosynthesis. Kuti kuwala n'kofunika pa ntchitoyi zidatsimikizika mu 1779, pomwe dokotala wa ku Netherlands, Jan Ingenhousz, adaonetsa kuti masamba amatulutsa mpweya wabwino pokhapokha akakhala powala.

M'tsamba lililonse muli tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, todzaza ndi utoto wobiriwira wotchedwa chlorophyll. Kuwala kukagunda utotowu, mphamvu yake imasolola kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa elekitironi. Maelekitironi ndi omwewo amene amayenda m'mawaya kuchokera pa sola kupita kubatire. Elekitironi ikasololedwa siyendayenda chisawawa. Imapatsiridwa kuchoka pa molekyu ina kupita pa ina, monga momwe anthu amapatsirana njerwa ataima pamzere kuchokera pauvuni kukafika pomangira. Kumapeto kwa mzerewo mphamvu ija imasungidwa, ndipo ndi yomwe chomera chimapangira shuga, ufa wa m'chimanga, mapira ndi mbatata. Malo omwe elekitironi yachoka amadzazidwa ndi ina yotengedwa m'madzi, ndipo madziwo akaswedwa chotero mpweya wa okosijeni umatuluka. Umenewo ndiwo timapuma tonsefe.

Funso lomwe lidawavuta akatswiri kwa zaka zambiri ndi lakuti: elekitironi imadumpha bwanji kuchoka pa molekyu ina kupita pa inzake, pomwe pakati pali mpata? Aliyense amene adakwerapo bwato pa Shire yankho lake salimva chilendo. Mabwato awiri akayandikana pamadzi sakhala chete, amagwedezeka. Munthu wofuna kuchoka m'bwato lina kulowa m'linzake saponda nthawi ina iliyonse. Amadikira kamphindi komwe kugwedezekako kwafananitsa milomo ya mabwato awiriwo, pamenepo n'kuponda. Akaphonya kamphindiko, agwa m'madzi kapena abwerera.

Mamolekyu nawonso sakhala chete. Amanjenjemera nthawi zonse, ndipo kutentha komwe timamva pakhungu ndi kunjenjemera komweko. Wasayansi Rudolph Marcus adafotokoza kuti elekitironi imadumpha pa kamphindi komwe kunjenjemera kwa mamolekyu ndi zonse zowazungulira kwafananitsa mbali ziwirizo, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa cha ntchitoyi. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1988, asayansi atatu a ku Germany, Johann Deisenhofer, Robert Huber ndi Hartmut Michel, adalandiranso mphotoyi poonetsa momwe mamolekyu opatsirana elekitironiwa adandandalikidwira. Mu 2014 magulu awiri, lina ku Amsterdam lina ku Michigan, adayeza ndi kuwala kothwanima mofulumira kwambiri, n'kupeza kuti kunjenjemera kwina kwa chlorophyll kumayendera limodzi ndi kudumpha koyamba kwa elekitironi. Akatswiri akadatsutsanabe pa kukula kwa thandizo la kunjenjemera kwa mtundu umenewu, koma pa mfundo yaikulu palibe mkangano: popanda kugwedezeka, elekitironi siwoloka.

Liwiro lake ndi lodabwitsa. Mutagawa sekondi imodzi m'magawo 1 thiliyoni, kudumpha koyambako kumatenga magawo owerengeka chabe. Kufulumira kumeneku n'komwe kumachititsa kuti mphamvu ya dzuwa isatayike panjira.

Pomwe pali chakudya cha mwana

Wina afunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji mbale ya mwana wa ku Tengani. Zikuikhudza pawiri.

Poyamba, ambiri mwa mamolekyu omwe aima pamzere wopatsirana elekitironi uja ali ndi ayironi m'kati mwawo. Ayironi ndi amene amalandira elekitironi n'kuipereka kutsogolo. N'chifukwa chake ayironi wambiri wa m'tsamba amapezeka m'tizipinda tobiriwira timeneti. Ndipo thupi lathu lili ndi mzere wofanana nawo: tikadya, mphamvu ya chakudya imatulutsidwa popatsirana maelekitironi pa mamolekyu okhala ndi ayironi. Mwana woperewera ayironi amatopa msanga chifukwa magazi ake sanyamula okosijeni wokwanira, komanso chifukwa mzere wa m'thupi mwakewo sukuyenda bwino.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yathu, dzuwa likachuluka limasanduka mdani wa tsamba. Kunja kukatentha ngati momwe kumachitira ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala, pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, kuwala kumabwera kochuluka kuposa komwe mzere uja ungakwanitse kunyamula. Mphamvu yotsalayo ikasowa kolowera imagwira okosijeni n'kumusandutsa chinthu chowononga, chomwe chimatentha tsamba kuchokera m'kati. Pofuna kudziteteza, chomera chidaika alonda pambali pa chlorophyll. Mmodzi mwa alondawa ndi utoto wachikasu wotchedwa beta-carotene. Iye ndi anzake amalanda mphamvu yowonongayo, n'kuisandutsa kunjenjemera wamba, kutanthauza kutentha pang'ono komwe kumangopita ndi mphepo.

Beta-carotene ameneyu ndi yemwe amapatsa mtundu mango, papaya, maungu ndi mbatata yofiira m'kati ngati Kadyaubwerere ndi Chipika. M'masamba saoneka chifukwa kubiriwira kumamuphimba, koma alimo wambiri. Mwana akadya, thupi lake limamusandutsa vitamini A, yemwe amateteza maso, khungu ndi njira zopumira, komanso amathandiza thupi kulimbana ndi matenda monga chikuku ndi kutsegula m'mimba. Mwana woperewera vitamini A amayamba kusaona bwino kukamada, ndipo matenda wamba amamugwetsa msanga.

Apa taphunzira kale chinthu chothandiza pamsika. Tsamba lobiriwira kwambiri, lomwe lakulira padzuwa, limakhala ndi alonda ambiri. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa, chigwada ndi cham'mwamba, yemwe kuchigwa kuno ambiri amamutcha sangowa, zimaposa kutali kabichi woyera wa m'kati mwa mutu, yemwe sadaonepo dzuwa. Ndiwo zomwe ena amazinyoza kuti n'zakumudzi ndizo zolemera kwambiri.

Tsamba lothyoledwa silidziteteza

Tsamba likadali pachomera limapirira dzuwa chifukwa lili ndi moyo. Mizu imalitumizira madzi, madziwo akamauluka limazizira, ndipo ziwalo zomwe kuwala kwawononga limazichotsa n'kuikapo zatsopano kangapo pa tsiku. Likangothyoledwa, zonsezi zimaima. Koma chlorophyll sadziwa kuti tsamba lathyoledwa. Akaikidwa padzuwa amapitiriza kukola kuwala, pomwe mzere wonyamula mphamvu uja udaduka kale. Gawo la mphamvuyo limasanduka lowononga. Alonda aja amalimbana nayo mpaka kutha, ndipo palibe wowalowa m'malo.

Umboni wake timauona ndi maso. Mfutso wa padzuwa umatuwa, nthawi zina n'kufiirira ngati fodya. Wa pamthunzi umakhalabe wobiriwira. Mtundu ukathawa, dziwani kuti michere yambiri yathawa nawo. Kafukufuku yemwe adafalitsidwa mu 2003 kuchokera ku Tanzania, pa ndiwo zamasamba zofanana ndi zathu, adapeza kuti masamba oyanika poyera padzuwa amatsala ndi beta-carotene wochepa poyerekeza ndi oumitsira m'bokosi lotchinga. Vitamini C nayenso sapirira dzuwa ndi kutentha. Ayironi satha ndi dzuwa, koma thupi limavutika kumutenga m'masamba popanda vitamini C.

Zomwe ena anganene

Pali zifukwa zomveka zomwe anthu angatsutsire, ndipo mvolontiya ayenera kukhala ndi mayankho ake.

Ena adzati makolo athu ankayanika padzuwa ndipo tidakula bwinobwino. N'zoona kuti ankayanika padzuwa. Koma makolo omwewo ankasunga mfutso m'chikwatu, atakulunga ndi masamba n'kupachika kudenga kopanda kuwala. Ankawiritsanso masamba asanayanike, zomwe sayansi ikuvomereza lero kuti zimathandiza beta-carotene kukhalitsa. Mbali zambiri za ntchitoyi adazipeza kale. Ifeyo tikungowonjezera imodzi. Ndipo tisaiwale kuti pomwe boma lidayeza ana aang'ono mu 2001, ana 59 mwa 100 alionse adapezeka operewera vitamini A. Sikuti zonse zinkayenda bwino.

Ena adzati vutoli lidatha, poti shuga ndi mafuta ophikira a masiku ano ali ndi vitamini A. Izinso zili ndi choonadi chake. Kuyambira 2012 shuga wa m'dziko muno, kuphatikizapo wopangidwa ku Nchalo, amathiridwa vitamini A, ndipo ana a miyezi 6 mpaka 59 amayenera kulandira vitaminiyu kusikelo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Pofika mu 2015-16 chiwerengero chija chidatsika kufika pa ana pafupifupi 4 mwa 100 alionse. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma shuga ndi mafuta zimafuna ndalama, ndipo ndalama ndi yomwe imayamba kusowa tsoka likagwa. Namondwe wa Freddy atasesa minda mu Malichi 2023, komanso pomwe boma lidalengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha chilala cha El Niño, mabanja ambiri a kuchigwa kuno sankaganiza za paketi ya shuga. Ankaganiza za ufa. Pa nthawi ngati zimenezo mfutso wa kudenga ndi womwe umakhala ndiwo ya mwana kwa miyezi. Komanso shuga si ndiwo: alibe ayironi, alibe michere ina yomwe masamba ali nayo. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Chakudya chodalirika ndi chomwe banja lingadzisungire lokha.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi ichi: pamthunzi masamba amachedwa kuuma, ndipo akachedwa amachita chuku. Amene akunena izi sakunama, makamaka kumapeto kwa dzinja pomwe mpweya uli wachinyezi. Mfutso wachuku ndi woipa kuposa wa padzuwa, ndipo ndi wotaya basi. Koma chomwe chimaumitsa tsamba ndi kutentha ndi mphepo, osati kuwala. Kutentha ku Tengani sitikusowa, ngakhale pansi pa mtengo. Chofunika ndi kuyala masamba mopyapyala, pamalo okwera, podutsa mphepo. Vuto la chuku limabwera pomwe masamba aunjikidwa pamphasa yoyalidwa pansi m'nyumba yotseka.

Kafutsidwe koyenera

Njira yake siifuna ndalama. Thyolani masamba m'mawa dzuwa lisanakwere, anthete ndi opanda matenda. Atsukeni ndi madzi aukhondo musanawadule, chifukwa kutsuka odula kale kumakokolola michere. Aviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, osati kuwaphika mpaka kufewa. Masamba aang'onoang'ono ngati a sangowa mutha kungowatsuka n'kuyanika.

Mukatero yalani pathandala, palichero kapena pachitenje choyera chomangidwa ngodya zinayi, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wabwino. Ayalidwe mopyapyala moti tsamba lisasanjikizane kwambiri ndi linzake, ndipo muziwatembenuza. Phimbani ndi kansalu kopepuka kuti ntchentche ndi fumbi zisafikepo; thandala limathandizanso kuti nkhuku ndi mbuzi zisapondepo. Madzulo lowetsani m'nyumba kuopa mame. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja. Ukangopindika osathyoka, sunaume.

Posunga, kumbukirani kuti kuwala kumapitiriza kuwononga ngakhale mfutso utauma. Chikwatu, mtsuko wovundikira kapena chitini chotseka bwino ndi zabwino kuposa jumbo yoonekera m'kati yopachikidwa pazenera. Sungani pamalo okwera, maka m'midzi yomwe madzi amalowa m'nyumba.

Pophika palinso zofunika kusamala. Beta-carotene sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Popanda kamafuta pang'ono, wambiri amangodutsa m'mimba osalowa m'thupi. N'chifukwa chake ndiwo zotendera ndi zanzeru: nsinjiro zili ndi mafuta okwanira. Komwe mtedza wasowa, chitowe chomwe chimalimidwa kuchigwa konkuno chimagwira ntchito yomweyo chikasinjidwa. Madzi oviikira mfutso musataye, phikirani momwemo. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga koma zimapha vitamini C ndi mavitamini ena, choncho zichepe, ndipo m'ndiwo za mwana zisalowemo. Kuti ayironi alowe bwino m'thupi, phatikizani tomato, kapena mwana adye malambe, masawu kapena bango akamaliza nsima. Matemba kapena kachidutswa ka mlamba nazonso zimathandiza. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho asamwere limodzi ndi chakudya. Kwa mwana woyambira miyezi 6, mfutso wouma bwino mutha kuusinja, kuusefa n'kuthira kasupuni m'phala, uku akupitiriza kuyamwa.

Masamba si mankhwala a chilichonse

Mavolontiya asapyole muyeso pophunzitsa. Pali chikhulupiriro chakuti madzi obiriwira a masamba, kapena zakumwa za chlorophyll zomwe zimagulitsidwa m'mabotolo, zimasanduka magazi m'thupi. N'zoona kuti molekyu ya chlorophyll imafananako ndi utoto wofiira wa m'magazi, koma pakati pa chlorophyll pali magnesium, pomwe pakati pa utoto wa magazi pali ayironi. Thupi silisandutsa chlorophyll kukhala magazi. Ndalama yogulira botolo lotero ndi bwino kugulira mazira kapena nsomba.

Komanso kuchepa kwa magazi sikubwera chifukwa cha chakudya chokha. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 adapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 adali ochepa magazi, ndipo m'madera a m'mbali mwa Shire malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimathandizira kwambiri vutoli. Mwana yemwe zikhato zake ndi m'kati mwa zikope mwayera, akupuma mofulumira, watupa mapazi, kapena sakuona bwino madzulo, apite kuchipatala cha Tengani kapena china chapafupi tsiku lomwelo. Mfutso umateteza, koma suchiza mwana amene wadwala kale. Ndipo ngakhale ndiwo zikhale zabwino chotani, tsiku la vitamini A kusikelo lisaphonyedwe.

Ntchito ya mavolontiya

Chomwe ndikupempha n'chaching'ono. Pa msonkhano wotsatira wa gulu la amayi kapena pa tsiku la sikelo, mvolontiya atenge nkhwani za m'munda umodzi, azigawe pawiri, zina ayanike palata padzuwa, zina pathandala pamthunzi. Zikauma aziike pambalimbali, anthu aone okha kusiyana kwa mtundu. Akatero afotokoze za alonda achikasu obisala m'tsamba, ndi momwe dzuwa limawathera tsamba likathyoledwa. Phunziro lotere silifuna pepala, ndipo amene sadziwa kuwerenga amalimva mofanana ndi amene adapita kusukulu.

Abambo nawonso ali ndi gawo lawo. Thandala silidzimanga lokha, ndipo mtengo wa sangowa kapena wa mango pakhomo umapereka zonse ziwiri, chakudya ndi mthunzi woyanikira. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'midzi atha kuonjezera thandala la ndiwo pa zinthu zomwe amayang'ana pakhomo, monga amachitira ndi chimbudzi, mpondagiya ndi thandala la mbale. Aphunzitsi a sayansi m'masukulu a pulayimale, omwe amaphunzitsa kale za photosynthesis, atha kutuma ana kukayesa zomwezi kunyumba.

Madimba a m'mbali mwa Shire amatipatsa masamba ochuluka madzi akaphwera, ndipo ntchito yothyola, kuwiritsa ndi kuyanika amayi amaigwira kale. Chatsala ndi kusuntha mphasa kuchoka pabwalo kupita pakhonde, kuti zomwe tsamba lidasonkhanitsa likadali m'munda zikafike m'thupi la mwana.